Agogo anati Chingoni, wolemba analemba Chichewa

Mu September 1998 ndinali Fomu 3, ndipo tsiku lomwe mnyamata wolemba kalembera anafika kwathu ndinali pakhomo chifukwa cha malungo. Kwathu ndi chakumtunda kwa boma la Ntcheu, njira yopita ku Tsangano. Anapeza agogo anga aakazi akutongola chimanga pamphasa. Atamupatsa mpando, anayamba mafunso ake, mpaka anafika pa funso ili:

"Agogo, pakhomo pano mumayankhula chiyankhulo chanji kawirikawiri?"

"Chingoni."

Mnyamata uja anamwetulira. "Komatu agogo, chomwe tikuyankhulachi ndi Chichewa."

"Chichewa n'cha Achewa, mwanawe. Ife pano ndife Angoni a kwa Gomani. Kodi pobwera paja waona dambwe?"

Sanatsutsane nawo. Anawerama n'kulemba. Ine ndinasuzumira pa pepala lake ndipo ndinaona kuti wachonga pa Chichewa.

Kwa zaka zambiri ndinkaifotokoza nkhaniyi ngati nthabwala. Nditayamba kuwerenga malipoti a kalembera m'pamene ndinazindikira kuti onse awiri ankanena zoona, kungoti ankayankha mafunso osiyana. Agogo ankanena chomwe iwo ali. Mnyamatayo ankalemba chomwe makutu ake ankamva. Ndipo boma lathu, kuyambira nthawi ya atsamunda, lakhala likusinthasintha pakati pa mafunso awiriwa, mwina kufunsa ili, mwina ilo, mwina osafunsa n'komwe. Kusintha kulikonse kwakhala kukufika mpaka m'kalasi ndi m'chipinda cha mayeso, ngakhale kuti ife amene tinkakhala pansi m'makalasimo sitinkadziwa.

Tiyambe ndi chifukwa chomwe Ntcheu imavutira kuiika m'kabokosi. Angoni a Maseko anachoka kumwera kwa Africa m'zaka zoyambirira za m'ma 1800, anayenda mpaka ku Songea m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, kenako anabwerera n'kudzakhazikika cha ku Domwe, mbali ya Mozambique, ndi m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu. Anapeza anthu oyankhula Chinyanja, monga Antumba, ndipo anawagonjetsa, kuwakwatira ndi kuwalowetsa m'magulu awo ankhondo. Ana analeredwa ndi amayi oyankhula Chinyanja. Pamene Angerezi ankapha Inkosi Gomani yoyamba mu 1896, chiyankhulo cha makolo aja chinali chitayamba kale kuchepa mphamvu pakhomo. Chinatsalira mu nyimbo za ngoma, m'mayamiko a mafumu, ndi m'mawu ena monga chiwongo, lomwe mukaliika pafupi ndi liwu la Chizulu lakuti isibongo mumaona nokha ubale wake. Amishoni nawo atafika, monga Akatolika omwe anatsegula Nzama mu 1901, kapena a ku Gowa ndi ku Dombole, sukulu zawo zinkaphunzitsa m'Chinyanja. Dzina lakuti Mngoni linatsala, lilime linasintha. Choncho munthu wa ku Ntcheu akati "timayankhula Chingoni", nthawi zambiri amatanthauza kayankhulidwe kathu ka Chichewa, osati chiyankhulo chomwe Mzulu angamve.

Atsamunda ankawerenga anthu potengera khungu poyamba: Azungu, Amwenye, makaladi ndi anthu akuda. Akudawo ankawagawanso m'mitundu. Mabokosi a khunguwa sanali a papepala pokha ayi. Pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, maphunziro a ana a Azungu, Amwenye ndi makaladi anali m'manja mwa boma la chitaganya ku Salisbury, pomwe sukulu zapulayimale ndi zasekondale za ana akuda zinasiyidwa m'manja mwa boma la Nyasaland ndi amishoni. Bokosi lomwe mwana walembedwamo ndilo linkanena boma lomwe limulipirire mphunzitsi, ndi thumba lomwe ndalama zake zichokere. Mayina a mitundu nawo ankasintha. Anthu omwe malipoti akale ankawatcha Anguru anakana dzinalo, ndipo m'zaka za m'ma 1940, gulu lomwe Lewis Bandawe anali mmodzi wa atsogoleri ake linachititsa boma kuyamba kulemba kuti Alomwe. M'malipoti amenewo Ntcheu inkaoneka ngati dziko la Angoni, ndipo dzina lake linkalembedwa kuti Ncheu.

Kalembera woyamba dziko litalandira ufulu, wa 1966, anasintha funso. M'malo mwa mtundu, anafunsa chiyankhulo cha pakhomo komanso ziyankhulo zomwe munthu amamva. Zotsatira zake ophunzira za ziyankhulo ayenera kuzidziwa pamtima: anthu 50.2 pa 100 aliwonse ankayankhula Chichewa kapena kuti Chinyanja pakhomo, 14.5 Chilomwe, 13.8 Chiyao, 9.1 Chitumbuka, ndipo Chingoni chinapeza 1.1 yokha. Omva Chichewa anali 76.6 pa 100 aliwonse.

Taonani zomwe zinachitikira Ntcheu pamenepa. Palibe anasamuka, palibe anataya chiwongo chake. Koma funso litangosintha, unyinji wa Angoni unalowa m'chiwerengero cha oyankhula Chichewa, ndipo unathandiza kuti chiwerengerocho chidumphe theka. Theka limenelo linali ndi ntchito. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, kuti chikhale chiyankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Leroy Vail ndi Landeg White, mu nkhani yawo ya mu 1989 yokhudza tsankho la mitundu m'ndale za Malawi, anaonetsa momwe Kamuzu Banda ankakulitsira dzina lakuti Achewa kuti likwane magulu ena omwe sankadzitcha choncho. Kuchoka pa mawu akuti "oyankhula Chichewa ndi ochuluka" kufika pa akuti "Achewa ndi ochuluka" ndi phazi limodzi lokha, ndipo pandale phazi limenelo linapondedwa mosavuta.

Apa ndiyenera kunena chinthu chomwe anzanga akwathu sakonda kumva. Ife a ku Ntcheu tinapindula. Dzina lathu linabisika m'chiwerengero, inde, koma chiyankhulo cha m'kalasi ndi cha pa mayeso chinali chomwe tinayamwira. Mwana wa ku Rumphi, wa ku Chitipa kapena wa m'midzi ya Chiyao ku Mangochi ankalowa Sitandade 1 n'kupeza buku la chiyankhulo chachilendo, ndipo pofika Sitandade 8 ankalemba pepala la Chichewa lomwelo lomwe ine ndinalemba, n'kupikisana nane malo ku sekondale. Malikisi athu ankaikidwa pa mndandanda umodzi ngati kuti tinayambira pa mzere umodzi. Ine ndinkadzitama kuti ndimakhoza Chichewa. Ndinkakhoza chifukwa ndi chomwe agogo ankanditukwanira ndikasiya mbuzi zilowe m'dimba.

Si kuti zonse zinali myaa. Bungwe la Chichewa Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Kalembedwe katsopanoka ndiko kanasandutsa Ncheu kukhala Ntcheu. Chichewa "chabwino" pa nthawiyo chinkapendekera ku kayankhulidwe ka a Ngwazi, omwe kwawo kunali ku Kasungu. Ndikukumbukira mphunzitsi wina akutizungulizira ndi cholembera chofiira liwu lililonse lomwe tinaiwala kuika kachipewa pa w, monga m'dzina la dziko lathuli. Ife kachipewako sitinkakamva pakamwa pa munthu aliyense m'mudzi. Tinkangoloweza mawu oyenera kuvala chipewa monga momwe tinkalowezera mayina a mitsinje ya ku Canada. Koma limeneli linali vuto la malikisi awiri kapena atatu, losayerekezeka ndi la mnzathu amene chiganizo chonse chinali chachilendo.

Chodabwitsa n'chakuti patapita zaka, buku lalikulu lofotokoza kamvekedwe ka mawu a Chichewa, The Phonology of Chichewa, lomwe Laura Downing ndi Al Mtenje anatulutsa mu 2017, linatsamira kwambiri pa kayankhulidwe ka ku Ntcheu. Ndiye kuti wophunzira wa ku Ulaya amene akuphunzira za kukweza ndi kutsitsa mawu m'Chichewa akuphunzira chomwe agogo anga ankachitcha Chingoni. Akanamva, kaya akanaseka kaya akanakwiya.

Pambuyo pa 1966 panadutsa zaka zoposa makumi atatu popanda chiwerengero chatsopano cha ziyankhulo za pakhomo chomwe anthu akanagwiritsa ntchito, ngakhale kuti kalembera anachitika mu 1977 ndi mu 1987. Mfundo ya boma inali yakuti tonse ndife Amalawi, za mitundu n'zogawanitsa. Koma bokosi likachotsedwa pakhomo limalowera pawindo. M'malo mwa mtundu, mafomu ankafunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Yunivesite ya Malawi inayamba kusankha ophunzira potengera boma lochokera, njira yomwe tonse timaidziwa kuti kota. Mu 1989 kunabwera lamulo lakuti aphunzitsi azikaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ponamizira aphunzitsi ochokera kumpoto kuti ankaphunzitsa mwaulesi ana a m'zigawo zina. Ine ndinali Sitandade 3. Aphunzitsi athu a masamu, bambo wamtali wa ku Mzimba amene ankatiseka kuti ndife Angoni osadziwa kupereka moni m'Chingoni, anakwera lole ndi katundu wawo, ndipo kalasi yathu inaphatikizidwa ndi ina kwa teremu yonse. Taganizani: Mngoni anachotsedwa pakati pa Angoni chifukwa bokosi lomwe linkagwira ntchito chaka chimenecho linali la chigawo.

Khoti lalikulu linagamula mu 1993 kuti kota inali yosemphana ndi malamulo. Inabwereranso mu 2009 pa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, boma lililonse n'kupatsidwa malo khumi otsimikizika, ndipo inathetsedwanso mu 2020. Za ubwino ndi kuipa kwa kota ena analemba kale zambiri. Chomwe chimandikhudza ine ndi funso lakuti "boma lochokera" limatanthauza chiyani. Mwana wobadwira ku Ndirande, wophunzira sukulu zonse mu Blantyre, amene ku Ntcheu amangopitako pa maliro, pa fomu ankatha kukhala wa ku Ntcheu n'kutenga malo omwe ankati akutetezera mwana wa ku Kasinje. Nanga kwawo kwa munthu ndi kuti, kwa bambo kapena kwa mayi? Kwathu chiwongo timatenga kwa bambo, koma m'midzi yambiri munda ndi malo zimadzera kwa mayi, ndipo mkamwini ndi mlendo. Fomu inali ndi mzere umodzi.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, pamodzi ndi maphunziro aulere a pulayimale omwe anawonjezera ana oposa miliyoni imodzi m'makalasi, nkhani ya ziyankhulo inatseguka. Mu March 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalamula kuti kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzitsidwa m'chiyankhulo chawo. Chaka chomwecho Centre for Language Studies inatsegulidwa ku Zomba m'malo mwa Chichewa Board. Koma kuti lamulo lotere ligwire ntchito, pafunika kudziwa kuti ana a pa sukulu yakutiyakuti amayankhula chiyani, kuti mabuku ndi aphunzitsi apite koyenera. Chiwerengero chomwe chinalipo chinali cha 1966, cha makolo awo kapena agogo awo. Ndipo mukanapita kukafunsa makolo a m'mudzi mwathu kuti ana aphunzire m'chiyankhulo chanji, ambiri akanayankha ngati agogo anga, ndipo wina ku likulu akanayamba kufunafuna mabuku a Chizulu. Lamulolo linathera kwambiri papepala. Kwathu palibe chinasintha. Aphunzitsi anapitiriza monga kale, ndipo m'mene zinalili, ankatsata lamulo osadziwa.

Ndiye kunabwera kalembera wa 1998, wa mnyamata uja. Zotsatira zake zinati Chichewa 57.2, Chinyanja 12.8, Chiyao 10.1, Chitumbuka 9.5, Chisena 2.7, Chilomwe 2.4, Chitonga 1.7 pa 100 aliwonse. Mwaona? Chichewa ndi Chinyanja, zomwe mu 1966 zinali mzere umodzi ndipo mu 1968 anati ndi chinthu chimodzi, tsopano zinali mizere iwiri. Amene angaike 50.2 pambali pa 57.2 n'kunena kuti Chichewa chinakula pang'ono chabe walakwitsa. Ayenera kuphatikiza mizere iwiriyo, zomwe zikupereka 70. Mpungwepungwe wa dzinawu unafika mpaka pa chikuto cha dikishonale yomwe Centre for Language Studies inakonza pa nthawiyo, Mtanthauziramawu wa Chinyanja, pomwe phunziro la m'kalasi ndi pepala la MANEB zinkatchedwabe Chichewa.

Mu 2008 funso la mtundu linabwerera. Achewa 32.6, Alomwe 17.6, Ayao 13.5, Angoni 11.5, Atumbuka 8.8, Anyanja 5.8. Angoni, omwe chiyankhulo chawo mu 1966 chinali 1.1, anatulukira mwadzidzidzi ngati gulu lachinayi pa kukula m'dziko muno. Alomwe nawo: 14.5 mu 1966, 2.4 mu 1998, 17.6 mu 2008. Ndinaonapo wophunzira wina wa chaka chachitatu atajambula girafu ya manambala atatuwa, mzere ukutsika kenako n'kukwera, n'kulemba pansi pake kuti Chilomwe chinatsitsimuka chifukwa cha Mulhako wa Alhomwe. Girafuyo inali yokongola ndithu. Koma manambala awiri oyambawo ndi a chiyankhulo, lachitatulo ndi la mtundu. Kutsika kochoka pa 14.5 kufika pa 2.4 kukunena zoona zake za mabanja omwe anasiya Chilomwe pakhomo. Kukwerako sikukunena kanthu za lilime la munthu aliyense.

Kalembera wa 2018, yemwe anapeza anthu 17,563,749, anawonjeza phunziro lina. Anyanja anatsika kuchoka pa 5.8 kufika pochepera 2, ndipo pa mndandanda panaoneka Amang'anja ndi 3.2. Anyanja sanafe ndi mliri ayi. Anthu a ku Chikwawa ndi madera ena anangopeza dzina lawo pa mndandanda n'kulisankha. Angoni anali 10.4, ndipo m'boma la Ntcheu anthu oposa atatu mwa anayi aliwonse anadzitcha Angoni.

Vutoli si lathu lokha. Ku United States, komwe zotsatira za mayeso a ana zimasanjidwa potengera mtundu pofuna kuona gulu lomwe likutsalira, malamulo a 1997 analola munthu kusankha mitundu yoposa umodzi, ndipo sukulu zinayamba kutsatira zimenezi m'chaka cha maphunziro cha 2010 mpaka 2011. Ana ena omwe kale ankawerengedwa ngati akuda kapena oyera anasamukira m'gulu latsopano, ndipo zotsatira za chaka chimenecho sizikanayerekezedwa mwachindunji ndi za m'mbuyo. Mu March 2024 anasinthanso, n'kuwonjezera gulu la anthu ochokera ku Middle East ndi kumpoto kwa Africa, omwe kale ankalowetsedwa m'gulu la oyera. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amakangana za mabokosi omwe ali kale pa fomu ya mwana wa sukulu. Ife tikamamva zotsatira za PSLCE kapena MSCE, timamva za anyamata ndi atsikana, za maboma omwe achita bwino, za sukulu za boma ndi zomwe si zaboma. Za chiyankhulo chomwe mwana anabwera nacho tsiku loyamba sitimva.

Ine sindikufuna kuti fomu ya mayeso izifunsa mtundu wa mwana. Tinaona mu 1989 zomwe mndandanda wotere ungachite ukagwera m'manja olakwika, ndipo ku Ntcheu yankho lakuti "Mngoni" silingauze mphunzitsi chilichonse chothandiza pophunzitsa kuwerenga. Funso la chiyankhulo ndi lina. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti ziyambira Sitandade 1. Ndondomeko ya National Reading Programme, yomwe inayamba mu 2016, imaphunzitsa kuwerenga m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Tikayesa ana a Sitandade 2 kuwerenga ndime ya Chichewa, wa ku Bilira ndi wa ku Namwera akalephera mofanana, matenda awo si amodzi. Woyambayo amamva mawu onse koma sanagwire malembo, mwina chifukwa ali m'kalasi ya ana oposa zana. Wachiwiriyo akhoza kukhala kuti malembo wawagwira koma sakumva chomwe akuwerenga. Nambala imodzi ya boma lonse imawaphimba onse awiri. Ndipo mukati mutenge chiwerengero cha mitundu cha 2018 kuti chikuthandizeni kulekanitsa, mudzaika Ntcheu yense m'gulu la "osayankhula Chichewa", limodzi ndi Alomwe ambiri a ku Thyolo ndi Mulanje omwe pakhomo pawo pamamveka Chichewa chokhachokha.

Mukafuna kuona zonsezi ndi maso, imani pa msika wa Lizulu, pomwe msewu wa M1 umayenda m'malire. Mbali ino ndi Malawi, tsidya linalo ndi Angónia. Amayi ogulitsa mbatatesi ndi kabichi mbali zonse ziwiri ndi a chiwongo chimodzi, amayankhula mofanana, ena ndi pachibale penipeni. Mwana wa mbali ino amaphunzira Chichewa ndi Chingerezi. Msuweni wake wa tsidya linalo chiyankhulo chomwecho boma lake limachilemba kuti Cinyanja, ndipo mayeso omwe adzamutsegulire khomo ndi a Chipwitikizi. Onse awiri akapita ku Umhlangano ku Nkolimbo amavala zikopa n'kufuula Bayethe.

Agogo anatisiya kalembera wa 2008 asanafike, choncho funso lomwe ankaliyembekezera lija sanafunsidwe. Mu 2018 anayankha ndi mayi anga, pakhonde lomwe lija. Wolembayo anali mtsikana, atanyamula tabuleti m'malo mwa pepala. Atafika pa mtundu, mayi anati Mngoni, iye n'kudina. Kenako anafika pa mwana wa mchemwali wanga, yemwe bambo wake ndi wa ku Thyolo ndipo amakhala ndi agogo akewo kuti aziphunzira pafupi.

"Nanga uyu, mayi? Mwati bambo ake ndi Mlomwe?"

"Eya, ndi Mlomwe."

"Ndiye ndilembe chiyani? Pamafunika chimodzi."

Mayi anamuyang'ana mwanayo, yemwe anali kalikiliki kukopera ntchito ya Chichewa m'kope lake atagona chafufumimba pamphasa.

"Lembani Mngoni," anatero. "Nsima akudya ya kuno."